Pa Maliro Tikayamba Kufunsa Kuti “Ndani?”

Munthu akamwalira pamudzi pamabuka mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, “Chamupha n'chiyani?” ndipo limayankhidwa poyera pamene mwinimbumba akufotokozera khamu za matenda. Lachiwiri ndi lakuti, “Wamupha ndani?” Limeneli silifunsidwa pabwalo. Limayambira m'siwa kapena kumoto kumene tikuphika nsima ya adzukulu, ndipo limayenda monong'ona mpaka litapeza dzina la munthu. Popeza m'siwa ndi kumoto kumakhala ife amayi, nkhani imeneyi ndi yathu.

Pa za ufiti sitiganiza chimodzimodzi. Alipo pakati pathu amene amati ufiti ulipo ndipo anadzionera okha. Alipo amene amati ndi mantha chabe. Ambiri ali pakatikati: masana amakayika, koma kadzidzi akalira padenga usiku mtima umagunda. Kafukufuku wa bungwe la Afrobarometer amene anatuluka mu 2022 anapeza kuti Amalawi 74 mwa 100 alionse amakhulupirira kwambiri kuti ufiti ulipo. Ndiye kuti ambiri mwa amene timagwada nawo limodzi polandira Mgonero ali m'gulu limeneli. Mkangano woti ufiti ulipo kapena ayi sitiuthetsa patsamba lino. Funso lathu ndi ili: tiyerekeze kuti mayi akukhulupirira ndi mtima wake wonse kuti ufiti ulipo, kodi chikhulupiriro chimenecho chikumupatsa ufulu wotchula dzina la mnzake kuti ndi mfiti? Ife tikuti ayi, ndipo tifotokoza zifukwa zake.

Chifukwa chake funsoli ndi lamphamvu

Tisawayese mbuli anthu amene amafunsa kuti “ndani?” Katswiri wina wa ku Britain, E. E. Evans-Pritchard, anakhala pakati pa anthu a mtundu wa Azande, m'dziko limene lero ndi South Sudan, ndipo mu 1937 anatulutsa buku lofotokoza maganizo awo pa za ufiti. Anapereka chitsanzo cha nkhokwe. Kumeneko nkhokwe zimamangidwa pamitengo italiitali, ndipo anthu amakhala kunsi kwake pothawa dzuwa. Tsiku lina nkhokwe imagwa n'kuvulaza anthu. Aliyense ankadziwa bwino lomwe kuti chiswe ndicho chinadya mitengoyo. Chimene chinkawasautsa chinali china: bwanji nkhokweyo yagwa pa nthawi yeniyeni imene anthu awa, osati ena, anali kunsi kwake? Chiswe sichiyankha funso limenelo, choncho ufiti unkalowera pamenepo.

Nafenso zimatichitikira. Dokotala akhoza kunena kuti mwana wamwalira ndi malungo a mu ubongo, mayi n'kuvomera, koma mtima n'kumafunsabe kuti: udzudzu unaluma ana onse m'nyumba muno, nanga bwanji wapita uyu amene anali atangosankhidwa kupita ku sekondale? Chipatala chilibe yankho la funso limeneli, ndipo namwino woona mtima sanganamize kuti ali nalo. Chisoni chikasowa yankho chimafuna munthu woti chimukwiyire, pakuti n'kovuta kukwiyira udzudzu.

Ambuye Yesu anakumana nawo mafunso otere. Pa Luka 13 akukamba za nsanja ya ku Siloamu imene inagwa n'kupha anthu 18. Anakana kuti ophedwawo anali ochimwa kuposa anzawo, sanatchule wina aliyense kuti ndiye anaigwetsa, ndipo anauza omvera ake kuti aliyense ayang'ane moyo wake nalape. Pa Yohane 9 ophunzira anafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, iye mwini kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri, namuchiritsa munthuyo. Kawiri konse mpata woloza wolakwa unalipo, ndipo kawiri konse anaukana.

Zimene tinaona m'mawodi

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tinaona matenda angapo amene kumudzi amayambitsa milandu ya ufiti kawirikawiri.

Bambo wagona ali bwinobwino, m'mawa wadzuka mkono ndi mwendo zitafa, pakamwa patapotoka, mawu osatuluka. Kumudzi amati amumenya ndi hamala. Kuchipatala timati sitiroko: mtsempha wa magazi mu ubongo watsekeka kapena waphulika, kawirikawiri chifukwa cha BP imene yakhala yokwera kwa zaka zambiri popanda chizindikiro chilichonse. Mbali yakumanzere ya ubongo ikavulala, imafa ndi mbali yakumanja ya thupi, ndipo nthawi zambiri kulankhula kumavutanso. Kuyeza BP sikutenga ngakhale mphindi zisanu.

Agogo apezeka mbandakucha pakhomo la eni ake, opanda chovala, osadziwa kumene achokera. Anthu amati agwa pandege ya ufiti. Pali matenda a ubongo obwera ndi ukalamba amene madokotala amawatcha dementia. Wodwala amaiwala njira ya kwawo, amasokonezeka kwambiri dzuwa likamalowa ndi usiku, amavula zovala osazindikira, ndipo amalankhula za anthu amene anamwalira kalekale ngati kuti wangocheza nawo. Munthu wotere akazunguliridwa ndi khamu n'kumafunsidwa mokalipa, amavomera chilichonse. Maso ake ofiira aja ndi a utsi wa nkhuni umene wakhala akuuzira moto kuyambira ali mtsikana.

Mwana wayamba kugwa khunyu. Nthawi zambiri gwero lake ndi chipsera cha mu ubongo chotsalira pambuyo pa malungo aakulu, kubadwa movutikira kapena kuvulala m'mutu. Khunyu silipatsirana kudzera m'malovu, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati odwala ofika 7 mwa 10 alionse akhoza kusiyiratu kugwa atapatsidwa mankhwala oyenera n'kumamwa tsiku ndi tsiku.

Mayi woyembekezera watupa nkhope ndi manja, mutu ukumuwawa, kenako wakomoka n'kuyamba kuphupha. Achibale amati mkazi mnzake wamumanga. Imeneyi ndi BP ya pakati, ndipo jekeseni wa magnesium sulphate pamodzi ndi kumuchiritsa msanga zimapulumutsa moyo wake. Maola amene banja limathera kwa woombeza ndi omwewo amene akanamupulumutsa.

Tikumbukirenso zaka za m'ma 1990, pamene Edzi inkatenga anyamata ndi atsikana athu motsatizana. M'midzi yambiri azakhali ndi agogo ananenedwa kuti akutha ana. Mu 1995 anthu zikwizikwi anakhamukira kwa Billy Chisupe ku Machinga kukamwa mchape umene ankati uchiza matendawa, koma maliro sanaleke. Anayamba kuchepa boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Agogo aja anali omwewo, m'nyumba zomwezo. Chimene chinasintha ndi mankhwala.

“Koma Baibulo limanena za afiti”

Mayi wina anganene kuti zonsezi wamva, komabe Malemba sakana kuti mphamvu za mdima zilipo. Akunena zoona. Eksodo 22 ali ndi lamulo lolimba pa za nyanga, Deuteronomo 18 amaletsa kuombeza ndi kufunsira kwa akufa, mfumu Saulo anapita kwa mayi wobwebweta wa ku Endori, ndipo buku la Machitidwe limatiuza za Simoni wa ku Samariya ndi za anthu a ku Efeso amene anatentha mabuku awo amatsenga. Koma tiwerenge mosamala. Anthu amenewa ntchito yawo inali yodziwika. Simoni ankachita kudzitama nayo, ndipo a ku Efeso anabwera okha kudzaulula. Sitipeza mtumwi aliyense akusakasaka m'mudzi kuti apeze mayi amene wadwalitsa mwana mobisa. Petro atakumana ndi Simoni anamudzudzula namuuza kuti alape. Sanaitane khamu la miyala.

Chilamulo chomwecho cha Mose, pa Deuteronomo 19, chimafuna mboni ziwiri kapena zitatu munthu asanaweruzidwe, chimalamula oweruza kufufuza mosamala, ndipo chimati mboni yonama ilandire chilango chimene inkafunira mnzake. Lamulo lachisanu ndi chinayi, limene tinaloweza m'kalasi la katekisimu, limaletsa kunamizira mnzathu. Tsono tidzifunse: umboni wa ufiti timautenga kuti?

Wina amautenga ku maloto. Koma munthu amene wagona akuganizira mnzake amene anakangana naye amamulota, ndipo wolotedwayo alibe njira yodzitetezera pa zimene zachitika m'mutu mwa wina. Wina amautenga kwa woombeza ula. Apa Mkhristu wagwiritsa ntchito chinthu choletsedwa pofuna kugwira choletsedwa chinzake. Ndiponso woombeza amadziwa chimene tonse timadziwa, chakuti palibe banja lopanda mkangano wa munda, wa chuma chamasiye kapena wa mitala, ndipo amangofunsa mafunso mpaka ofunsirawo atatchula okha dzina limene anabwera nalo mumtima. Mneneri amene amatchula mayina pa mapemphero a usiku akuchita ntchito yomweyo, ngakhale atanyamula Baibulo. Wina amautenga pakamwa pa mwana. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene wamva nkhani za ndege ndi za nyama ya kumanda kusukulu ndi m'mafilimu, akazunguliridwa ndi akuluakulu asanu, amanena chimene akuona kuti akuluwo akudikira.

Zimenezi si za kuno kokha. Mu 1692 ku Salem, m'dziko la America, pakati pa Akhristu okonda kupemphera, atsikana angapo anayamba kukomoka ndi kutchula mayina. Khoti linalandira umboni wa maloto ndi masomphenya, ndipo anthu 19 ananyongedwa. Mu 1697 mmodzi mwa oweruza aja, Samuel Sewall, anaimirira m'tchalitchi pamene kalata yake yopempha chikhululukiro inkawerengedwa. Anachita bwino kulapa, koma onyongedwa aja sanabwerere kwa ana awo.

Tionenso amene chala chimawagwera. Ndi mayi wamasiye, mayi wosabereka, nkhalamba imene ana ake ali kutali, agogo amene munda wawo achibale akuusirira, kapena mwana wamasiye amene akuoneka ngati katundu pakhomo. Anthu amanong'ona kuti wolemera uja anakhwima, koma khamu silithamangira kukagumula mpanda wake. Ngati chala chimasankha okhawo amene sangabwezere, tiyenera kukayikira kuti mwina chimene chikutsata ndi kufooka kwa munthuyo.

Kumene chala choloza chatifikitsa

Mpingo wathu uli ndi chikumbutso chachikulu pa nkhani imeneyi. Amishoni a UMCA atakhazikika pachilumba cha Likoma mu 1885, malo amene anakhalapo ankatchedwa Chipyela, chifukwa ndi pamene ankatenthera anthu oganiziridwa ufiti. Pamalo amenewo ndi pamene pali tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera, chimene ntchito yochimanga inayamba mu 1903 ndipo chinapatulidwa mu 1911. Pamene anthu ankalirira m'moto panaikidwa guwa la Ambuye. Chaka chomwecho cha 1911 boma linakhazikitsa lamulo loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti ndiponso kumwetsa mwavi, chiphe cha khungwa la mtengo chimene ankati wosalakwa amasanza, wolakwa amafa.

Patha zaka zoposa 100, koma Chipyela sichinatheretu. Mu Januwale 2016 ku Neno, mphezi itapha mtsikana wa zaka 17, anthu a m'mudzi momwemo anapha nkhalamba zinayi. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa ndi makamu. Mmodzi mwa iwo anali mnyamata wodwala khunyu amene anatenthedwa ku Blantyre. Mu Disembala 2022 dziko lonse linaona kanema wa ku Mzimba, momwe amayi okalamba ankazunzidwa kumanda n'kukakamizidwa kukwirira okha manda a womwalira. Pa zonsezi palibe amene anaonetsa umboni wakuti ophedwa ndi omenyedwawo anapha munthu. Chimene aliyense anaona ndi maso ndi zibonga, miyala ndi moto.

Mu 2021 akatswiri amene bungwe la Law Commission linawapatsa ntchito younikanso lamulo la 1911 analangiza kuti malamulo avomereze kuti ufiti ulipo. Anthu anakangana kwambiri pa malangizo amenewa. Koma kaya lamulo la dziko linene chiyani, vuto la umboni likhalapobe, ndipo lamulo lachisanu ndi chinayi silisintha.

Mtima umene tingauchitire umboni

Pali mtima umodzi wokha umene aliyense wa ife akuudziwa bwino, ndiwo wake. Akulu anati chala sichiloza mwini, koma pa nkhani iyi chiyenera kutero. Za mnzathu timangoganizira, pamene za ife eni timadziwa: ngati tinapitako usiku kwa sing'anga kukatsirika nyumba, ngati tinamanga mphinjiri m'chiuno mwa mdzukulu titangochoka naye ku ubatizo, ngati tinathira kondaine m'ndiwo za bambo, ngati tinafunsapo mankhwala oti malonda a mnzathu pamsika aime. Kaya mankhwalawo ali ndi mphamvu kaya alibe, mayi amene wapereka ndalama kuti mnzake avutike wachimwa kale, chifukwa cholinga chake chinali chimenecho. Ndipo amene wafuna kugwira mtima wa mwamuna wake ndi mankhwala wamutenga ngati mbuzi yomangirira pachikhomo.

Pano tisiyanitse zinthu. Kudziwa zitsamba si tchimo. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa ku South America, ndipo mbali ina ya mankhwala a LA amene timamwa tikadwala malungo imachokera ku chomera chimene anthu a ku China ankachigwiritsa ntchito kuyambira kale. Vuto la zitsamba ndi la muyeso, ndipo anamwino tinalandirapo amayi amene chiberekero chinang'ambika atamwa mankhwala ofulumizitsa kuchira. Limenelo ndi vuto la chipatala. Vuto la chikhulupiriro limayamba pamene wazitsamba wasiya kufunsa kuti mukumva kupweteka pati, n'kuyamba kufunsa kuti munakangana ndi yani, kapena pamene akulonjeza chuma ndi udindo posinthana ndi chizimba.

Kumene njira ya zizimba imathera tinakuona. Mu Juni 2016 bungwe la Amnesty International linanena kuti anthu achialubino osachepera 18 anali ataphedwa m'Malawi kuyambira Novembala 2014, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. Mafupa a munthu wachialubino ndi ofanana ndi a wina aliyense. Amene anapha anthu amenewa sanauluke pa lichero. Anabwera ndi zikwanje, atatumidwa ndi anthu ofuna kulemera. Choipa chimenechi chili ndi mboni, chili ndi umboni, ndipo khoti likhoza kuchiweruza. Mkwiyo wathu ukhale pamenepo.

Nanga wamantha achite chiyani?

Sitikunyoza mayi amene akuopa. Mantha a usiku ndi enieni, ndipo kumuseka sikumuthandiza. Mpingo uli ndi zomupatsa. Apemphere, ndipo tipemphere naye. Aitane bambo wansembe adzadalitse nyumba yake. Alandire Mgonero, akumbukire kuti pa ubatizo anakana Satana ndi ntchito zake zonse ndipo analembedwa chizindikiro cha mtanda. Wodwala apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pa zonsezi palibe ngakhale chimodzi chimene chikufuna dzina la munthu. Ngati Khristu ali wamphamvu kuposa mdima, monga timavomerezera Lamulungu lililonse, chitetezo chathu sichidalira kuti tidziwe amene akutida. Ndipo ngati alipodi wotifunira zoipa, Ambuye anatiuza kale chochita ndi adani athu, ndicho kuwapempherera.

Ntchito yathu monga gulu

Maliro akachitika mu parishi yathu timafika oyamba ndipo timachoka omaliza, choncho tili ndi mpata umene ngakhale apolisi alibe. Manong'onong'o akayamba m'siwa, mmodzi wa ife anene mofatsa kuti pano tabwera kudzalira, ndipo dzina la munthu lisatchulidwe. Ngati banja likulola, chimene chalembedwa m'buku la kuchipatala chifotokozedwe momveka, kuti anthu asachoke ndi mpata wongopeka. Tikaona agogo amene anthu ayamba kuwatalikira, tikakhale pamphasa yawo titavala yunifomu yathu, tidye nawo m'mbale imodzi anthu akuona. Zikafika poopsa tiuze amfumu ndi apolisi msanga, khamu lisanasonkhane, pakuti likasonkhana silimvanso mawu a munthu.

Pa masiku wamba, gulu lililonse lidziwe nkhalamba zokhala zokha m'dera lake ndi kumaziyendera, chifukwa munthu amene amalandira alendo sanamiziridwa msanga. Agogo akayamba kuiwala ndi kusochera, tiwafotokozere achibale ndi oyandikana nawo kuti ndi matenda, anthu asanawapeze panjira usiku. Tipemphe azaumoyo abwere pa msonkhano wathu adzatiyeze BP. Mwana akanena kuti akuphunzitsidwa ufiti, timumvere modekha payekha, tifufuze ngati akuzunzidwa, akudwala kapena akusowa chakudya, ndipo tisamuimike pamaso pa mpingo kuti atchule mayina.

Ambiri mwa ife imvi zayamba kale, ena ndife amasiye, ndipo ana athu ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Atsikana amene akutiyang'ana lero m'siwa ndiwo adzakhale pamenepo ife tikadzayamba kuiwala njira ya kwathu, ndipo adzachita zimene anaona ife tikuchita. Pa msonkhano wotsatira tiwerenge limodzi Luka 13 ndi Deuteronomo 19, kenaka gulu lililonse litchule agogo amene liwayendere mwezi uno. Ambuye asunge pakamwa pathu, ndipo atilimbitse mtima kuti tiime pambali pa wonamiziridwa.